Za thanthwe la kuseri kwa loji kuja

Abale anga a muno mu Johannesburg, mwezi watha ndinafunsa ngati tingakhome zitsulo pathanthwe la kuseri kwa loji yathu ku mapiri a Magaliesberg kuti alendo azikwera ndi zingwe. Munati ndiitane kaye odziwa kukwera mapiri. Anabweradi.

Mwalawo ndi quartzite, wolimba bwino, koma chapamwamba pali mapale ogwedera. Mmodzi anangogogoda ndi nyundo, phale lonse n'kulira ngati ng'oma yobooka. Mtima unandigunda, poti pansi pake m'pamene ana a alendo amasewerera.

Kukhoma tayamba taimika. Derali ndi lotetezedwa, bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations, linalizindikira mu 2015, ndiye chilolezo chikufunika, inshuwalansi nayonso. Pakadali pano njira yapansipo taitseka ndi waya.