Nsapato zopepuka zokwerera Mulanje, zoti sizilowa madzi zija nzoona?

Abale anga a pagulu pano ndithandizeniko nzeru. Mwezi wa June tikukwera Mulanje ndi anzanga akuntchito, masiku atatu, kuyambira pa Likhubula kukagona ku mahati (nyumba zogona okwera phiri) a Chambe kenako Chisepo, Mulungu akalola tikaponde pa nsonga ya Sapitwa penipeni pa mamita 3,002 paja. Vuto langa ndi nsapato. Chaka chatha ndinakwera ndi jombo zachikopa zobwereka kwa achimwene anga, kulemera kwake ngati ndamangirira njerwa kumapazi, pofika ku Chambe zidendene zonse matuza okhaokha, potsika njira ya Skyline chikhadabo cha chala chachikulu chinada bii mpaka chinachoka. Ndiye ulendo uno ndati zopepuka basi. Ndazungulira pa kaunjika ku Limbe ndapeza ziwiri zondikwana, ina Merrell Moab yolembedwa Vibram (kampani yopanga soli) kunsi koma pamwamba ndi kansalu ka timabowo, ina Salomon yokhala ndi kachizindikiro ka Gore-Tex m'mbali, yokwererapo mtengo, wogulitsayo akuchita kulumbira kuti olo ndiponde mu mtsinje phazi lituluka louma. Inu amene munakwerapo, Gore-Texyo ndi yoyenera kuonjezera ndalama? Komanso zopepukazi zimapirira miyala ya kumtunda kuja kapena ndikabwera nazo m'manja?

— Achemwali, musanayang'ane zolembedwa m'mbali tembenuzani nsapatoyo muone kunsi. Kuchoka pa Chisepo kupita ku Sapitwa ndi matanthwe, malo ena mumachita kukwawa, ndipo chiperoni chikagwa mwala uja umaterera ngati wapakidwa sopo. Mano a soli akatha, olo ikhale ya dzina lotani mukatsika ndi matako.

— Gore-Tex ndi kansalu kopyapyala kamene amakasokera mkati ngati sokosi, kamatchinga madzi koma kamalola nthunzi ya thukuta kutuluka. Ikakhala yatsopano imagwiradi ntchito, mame a m'mawa mu udzu simuwamva. Koma ya pa kaunjika mwini wake anayendera kale, kansaluko kamayamba kung'ambika popindika zala paja ndipo ndi maso simungaone. Chinanso chomwe ogulitsa sanena, nsapato yaifupi madzi amalowera pamwamba pa kakolo, ndiye akalowa mu ya Gore-Tex satulukanso, mumayenda muli tchwa tchwa tsiku lonse, pamene ya timabowo ija imanyowa msanga komanso kuuma msanga.

— Kkkkk mapota athu ena amakwera ndi patapata katundu ali pamutu, inu mukuvutika ndi Gore-Tex

— Aise mapazi a anthu amene aja sali ngati athu a mu ofesi, musawanamize achemwaliwa.

— Ine yanga inandichititsa manyazi pakati pa Chambe ndi Chisepo. Ndinagula yooneka yatsopano, kunsi kosadyeka ngakhale pang'ono, ndimvekere ndatola. Tsiku lachiwiri soli yonse inangosomphoka, chapakati chija chikuyoyoka ngati chigumu chouma, tinachita kumanga ndi linya mpaka kutsika. Kenako ndinamva kuti nsapato zokhala ndi polyurethane (mtundu wa pulasitiki) pakati pa soli zikakhalitsa osavalidwa zimaola zokha ndi chinyezi, ndiye ya pa kaunjika yooneka ngati sinavalidwepo ndi imene muziiopa kwambiri. Ipindeni mwamphamvu pomwepo wogulitsa akuona, dinani chapakaticho ndi chala, chikamanyenyeka kapena kumata isiyeni. Mukagula pitani nayo kwa osoka nsapato aizungulize ulusi, guluu yekha musamukhulupirire, koma dziwani kuti singano ikaboola ya Gore-Tex za kusalowa madzizo zathera pomwepo.

— Za chikhadabo zija si kulemera kwa jombo ayi mayi, zinali zothina kutsogolo kapena simunamange zingwe bwino, phazi limatsetsereka potsika nkumagunda kumphuno. Kayeseni masana mapazi atatupako, mutavala sokosi yokhuthala imene mukakwere nayo, kutsogolo kutsale mpata wa chala chimodzi cha m'manja. Masokosi a thonje ayi, amasunga thukuta ndiye matuza amayambira pamenepo, pezani aubweya.

— June kumtunda kumazizira koopsa, phazi lonyowa m'mawa si masewera. Ine ndingatenge ya Gore-Tex ikapambana mayeso. Ikani pepala louma mkati, imikani nsapatoyo mu beseni madzi asafike pa zingwe zapamwamba, dikirani kanthawi muone pepalalo. Ndipo pa hati musaiyanike pafupi ndi moto, guluu amasungunuka.

Wofunsa: Zikomo nonse, ndabwererakonso lero. Salomon ija wogulitsa wakana za beseni, akuti ndilipire kaye ndikayesere kunyumba, komanso ikundigwira chala chomwe chija. Merrell mano ake akadali bwino ndipo ndaipinda sinachite kanthu, ndatenga imeneyo. Ndiyamba kuyendera ku Michiru Loweruka lino kuti izolowere phazi. Tsopano masokosi aubweyawo mu Blantyre muno amapezeka pati, poti pa kaunjika ndangoona a mpira okhaokha?