Kuona maso a nkhono n'kudekha: kudekhako n'kutani kwenikweni?

Wofunsa: Abale, ndithandizeni. Sabata yatha ndinali kumudzi ku Dedza, kwa agogo anga obereka mayi. Tikusadzula nkhwani pakhonde, ndinawaululira zimene sindinauzepo ngakhale bambo a kunyumba. Kutchalitchi sindijomba, ku Chigwirizano ndimapita, phiri la Bunda ndakwerako kawiri kukasala kudya. Koma mumtima muli gwaa. Ndikamapemphera zimakhala ngati ndikulankhula ndi munthu amene ndimangomumvera mbiri. Pamene agogowo akatseka maso, ungati akucheza ndi mnzawo amene wakhala nawo pamkeka pomwepo. Chimenecho n'chimene ndikuchifuna ine.

Sanandiyankhe msanga. Kenaka anangoti, "Iwe, kuona maso a nkhono n'kudekha," n'kutola tsamba lina. Ndinachita manyazi kufunsanso. Ndiye kudekha kumeneku ndi kudikira nthawi, kapena kukhala chete, kapena kufatsa? Ndipo nkhono ikubweramo bwanji m'nkhani ya Mulungu?

Mphunzitsi wopuma ntchito, Ntcheu: Amayi, yambani mwaiona nkhonoyo. Ija yaikulu yotuluka mvula ikagwa ili ndi nyanga zinayi. Ziwiri zazifupi zili m'munsi, ziwiri zazitali pamwamba, ndipo maso ake ndi timadontho takuda kunsonga kwa zazitalizo. Mukaikhudza, kapena mukangoigwedeza pamene yakhala, nyanga zimabwerera m'kati, nayonso n'kulowa m'chigoba. Tili ana tinkaigogoda ndi kamtengo kuti ituluke, ndiye imaloweratu. Amene ankaona maso ake ndi uja wonjuta pambali osachita kanthu. Kwa ine kudekha si kungodikira. Munthu wa pamzere wa kuchipatala akudikira, koma akung'ung'udza, akusuzumira kutsogolo, mwendo uli njenjenje. Ameneyo sanadekhe.

Wa ku Nkhotakota: Kwathu kunyanja timati madzi adikha, pamene mwera waleka ndipo pansi pakuoneka. Mawu omwewo ali mu Salmo 23 m'Buku Lopatulika lija la 1922: "madzi odikha". Madzi a pachitsime mukatunga ali matope, simuwatakasa kuti ayere, mumawasiya mumtsuko. Ndikuganiza kudikha ndi kudekha ndi ana a mimba imodzi.

Mphunzitsi wopuma ntchito: Pachibale chawocho sindikutsutsani achimwene, koma pakamwa pa anthu amasiyana. Amadikha ndi madzi, amadekha ndi munthu. Simungauze mwana wopupuluma kuti "tadikha".

Mnyamata wa kwaya, Ndirande: Pepani akuluakulu, ine mwambiwu sukundikhalira bwino pa nkhani imeneyi. Makolo ankaunena pabwalo la milandu, kapena kwa munthu wofuna kutulukira chinsinsi cha mnzake. Mulungu si nkhono yoti imathawa tikaiyandikira. Yakobo 4:8 akuti tiyandikire kwa Iye ndipo Iye adzayandikira kwa ife. Nanga Yakobo winayo, wa pa Genesis 32, anadekha pa mtsinje wa Yaboki? Analimbana usiku wonse mpaka kutuluka akutsimphina, wakana kumusiya mlendoyo asanamudalitse. Amayi, musasiye kukwera phiri chifukwa cha mwambi.

Mayi wa ku Johannesburg: Mwana wanga wa kwaya, wanena zoona, koma waiwala Eliya. Pa 1 Mafumu 19, paphiri la Horebu, kunadutsa chimphepo chong'amba matanthwe, chivomezi, kenaka moto, ndipo Yehova sanali m'zonsezo. Eliya anafunda nkhope atamva kamphepo kayaziyazi.

Ine ndinkagwira ntchito m'nyumba ya azungu masiku asanu ndi limodzi pa sabata, Lachisanu usiku n'kukachezera kumapemphero mpaka mbandakucha. Mawu ankachita kusasa. Tsiku lina ndinazindikira kuti pa zaka zonsezo ndinali ndisanakhalepo chete pamaso pa Mulungu ngakhale mphindi zisanu. Ndinkafika ndi mndandanda: fizi ya ana, mapepala okhalira kuno, shuga wa amayi. Ndikati ameni, ndadzuka. Mlendo wotere ngakhale kwanu mungamudziwe? Wofika, kuyala mavuto ake, osadikira n'komwe kuti mumuyankhe moni. Agogo anuwo sakunena kuti Mulungu ndi nkhono. Akunena za inu, kuti mwagwira kamtengo m'manja.

Mnyamata wa kwaya: Amayi, pamenepo ndamva. Koma ndikuopa kuti ena atenga kudekha ngati chilolezo cha ulesi. Alipo amene "anadekha" kuyambira ubatizo wawo mpaka lero.

Wa ku Nkhotakota: Ulesi ndi wina. Wonjuta pa nkhono uja maso ake ali tcheru, ndipo miyendo imachita dzanzi.

Wofunsa: Zikomo nonse. Mawu a kamtengo aja andilasa, chifukwa ngakhale kuphiri kuja ndinkayang'ana nthawi pafoni kuti ndione ngati ndakwanitsa maola amene ndinalonjeza.

Dzulo madzulo mvula itakata ndinapeza nkhono pakhoma la bafa. Ndinaikhudza dala, inalowa, ine n'kunjuta. Sindinawerenge mphindi, koma msana unayamba kuwawa, udzudzu n'kundipeza. Kenaka kunatuluka nyanga zazifupi zija, zikufufuza uku ndi uku, pambuyo pake yaitali imodzi, inzake ikutsalira. Kadontho ndinakaona, kochepa kuposa njere ya bonongwe. Nthawi yomweyo mwana anakuwa m'nyumba kuti nsima ikupserera, ndinadzuka mothamanga n'kugunda chidebe, ndipo pocheuka inali italowanso.

Kumapeto kwa mwezi ndikupitanso ku Dedza. Za kudikha ndi kudekha zija ndikawafunsa eni ake, ngati angandiyankhe.