Kodi Isak analakwa kukana kusewerera Newcastle?

WaNewcastle: Abale, nkhani ya Alexander Isak, wosewera mpira wathu uja, ikundiwawabe. Mu 2025 anakana kupita ndi timu ku Asia, n'kumakapanga yekha ma training ku Real Sociedad, timu yake yakale ya ku Spain, chonsecho kontrakiti inali mpaka 2028. Ndiye kusaina kuli ndi phindu lanji? Jezi yake ndinagula pa kaunjika, pano mayi akunyumba akukolopera.

Chemwali: Pepani achimwene, koma Liverpool inapereka mapaundi 125 miliyoni pomugula. Newcastle sinalire ayi.

MdalaWaMpira: Inu ana simukudziwa. Bosman, wosewera mpira wa ku Belgium, asanawine mlandu wake mu 1995, timu inkatha kukukanirira ngakhale kontrakiti itatha. Osewera anavutika kokwanira.

WaNewcastle: Bambo, kontrakiti ya Bosman inali itatha. Ya Isak inatsala zaka zitatu!