"Mlendo ndi mame": kodi mwambiwu amauza ndani?

Akuluakulu, ndithandizeni. Mwambi woti "mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka" amauza mwini nyumba kapena mlendo?

Ndafunsa chifukwa cha azakhali anga a ku Chadiza. Anabwera ku Lusaka kudzaonetsa maso kuchipatala, nafikira kwa achibale kumayadi. Ulemu wokha anaulandira, mayi wapakhomo mpaka kugwada. Koma tiyi anawapatsira m'kapu ya pulasitiki, pomwe alendo a ku Ibex Hill ankamwera m'makapu a m'kabati, ndipo pa sofa anayamba ayalapo chitenje azakhaliwo asanakhale. Tsiku lachitatu mayi wapakhomoyo anawauza uku akumwetulira: "Paja mlendo ndi mame, amama. Basi ya ku Chipata imanyamuka m'mamawa pa Intercity." Zandiwawa kwambiri.

A Banda, Matero:
Mwanawe, mwambiwo ndi wolangiza mwini nyumba. Mame amagwa usiku, dzuwa likangotuluka auma. Akulu ankatanthauza kuti mlendo umusamale, umuphere nkhuku, usawerengere ufa, poti sakhalitsa. Amauzana eni khomo okhaokha. Kuunena iye akumva ndi kumupirikitsa.

Naphiri, Chawama:
Chopweteka n'chakuti palibe mawu achipongwe oti uwagwire. "Mwadya kale, eti?" "Chimbudzi cha madzi mumachidziwa?" "Chinyanja chanu n'chozama bwanji, chakumudzi chenicheni!" Kenaka amatembenukira ana n'kuyamba Chingerezi, iwe uli pompo. Ukadandaula, akuti timangofunsa.

A Tembo, Kalingalinga:
Nthawi ya atsamunda munthu wakuda m'tauni ankamuwerengera ngati mlendo wodzagwira ntchito chabe, ndipo ankayenda ndi chitupa. Mu 1961, pa zionetsero zomenyera ufulu zotchedwa Cha Cha Cha, makolo athu anatentha zitupazo. Lero apamwamba athu omwe akufunsa mlongo wa bambo awo tsiku lobwerera. Zimandimvetsa chisoni.

A Mwale, Chelstone:
Kapu ya pulasitikiyo ndi kunyoza, sindikana. Koma tisaiwale kuti kuno ufa ndi wogula, makala ogula, nyumba yalendi. Wina amabwera kuti akhala sabata, n'kutha miyezi. Mwini nyumba anene bwanji?

A Banda, Matero:
Anene chilungamo, a Mwale. Akhale naye pansi pawiri, amuuze kuti thumba la ufa latha ndipo malipiro ali kutali. Wakumudzi njala amaidziwa, amva ndithu. Mayi wamkulu wodwala maso saponyeredwa mwambi pamaso pa ana.