Achimwene salemba za mwana wawo pa Facebook, kodi ndi kuuma mtima?

Mlongo wa ku Chitakale:
Abale, ndithandizeni nzeru. Achimwene anga ndi akazi awo anataya mwana wa sitandade 3 pa namondwe Freddy mu Malichi 2023. Alamu amaika chithunzi chake pa sitetasi ya WhatsApp, mwanayo ali mu yunifomu, n'kulemba ngati akucheza naye. Achimwene sanalembepo ngakhale liwu limodzi. Akuchikazi ayamba kunong'ona kuti imfayi sinawakhudze. Zikundiwawa.

Mkamwini wa ku Luchenza:
Achemwali, kumbukirani mmene timakhalira pamaliro. Amayi amalira m'nyumba ya siwa, ife amuna tili panja pamoto kukambirana za bokosi ndi manda. Tinakula akutiuza kuti mwamuna salira, ndiye pa Facebook tingayambire pati? Ine mwana wanga wamkazi atatisiya sindinalembe kanthu, koma mawu amene anadzijambula m'foni mwanga akuimba ndimawamvera pa mahedifoni ndikamapita kuntchito ku esiteti.

Mayi wa Mvano, Thyolo:
Nafenso akazi sitilira momasuka ayi. Ukalemba kawirikawiri, ena amati ukufuna kumveredwa chisoni. Nanga amene mwana wawo anabadwa wakufa? Mtayo timaika amayi okhaokha, popanda kulira mokweza. Ena pafoni m'pamene amapezako potulutsira zakukhosi. Alamu anuwo asiyeni alembe.

Mkamwini wa ku Luchenza:
Achimwenewo musawafunse pagulu la banja. Pitani kwawo madzulo, mumutchule mwanayo dzina, muwalole akambe okha.