Mbaula yachigiriki ikung'aluka ndikangoikamo makala

Woumba wa ku Dedza: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Aphunzitsi ena a mbiri yakale andipatsa ntchito youmba mbaula yadothi yonga zomwe Agiriki ankaphikira cha m'ma 150 BC, zija anafukula zambiri pachilumba cha Delos. Pansi ili ndi phazi lalitali lamphako, pamwamba mbale ya makala, ndipo m'mphepete muli zokhazikira mphika zitatu zoloza m'kati ngati mafuwa. Mu uvuni ikutuluka yabwinobwino, koma ndikangoikamo makala ikung'aluka pomwe ndamatira zokhazikirazo. Motonso sukuchedwa kuzima.

Mayi woumba, Balaka: Achimwene, dothilo mwasefa kwambiri eti? Losalala lija n'la makapu. Sinjani mapale akale, muthiremo ndi kamchenga, mpaka lizikanda m'manja.

Wophunzira zofukula zakale: Mayi alasa. Miphika ya pachilumba cha Aegina, yomwe anthu a ku Athens ankaikonda, dothi lake linali ndi timiyala ta m'mapiri ophulika, n'chifukwa chake inkapirira moto. Za kuzimazo, bambo, kodi pansi pa mbale mwaboola? Zenizenizo zili ndi mabowo pamenepo, komanso chibowo chachikulu paphazi. Mpweya umalowera paphazi n'kukwera, phulusa n'kumagwera m'mphakomo.

Woumba wa ku Dedza: Chapaphazi chilipo. Pambale ndinangoboola pakati pokha, kuopa kuifooketsa.

Mayi woumba, Balaka: Ndiye moto upume bwanji? Boolani angapo ndi kamtengo dothi lisanaume. Koma mng'aluwo ine ndikuona kuti vuto ndi makulidwe. Zokhazikira n'zonenepa, khoma n'lopyapyala, sizingaume pamodzi. Kandani mbali zonse ziwiri, pakani phala la dothi lomwelo, mumate zonse zikadali ndi chinyezi chofanana. Mukatero fundikani ndi chiguduli pamthunzi, osathamangira dzuwa.

Wophunzira zofukula zakale: Agirikiwo nawonso ankaziumba padera m'chikombole, kenako n'kumata. Zambiri zili ndi nkhope ya mwamuna wandevu, ndipo ndevuzo ndi zomwe zimasomphoka kugwira mphika. Musaiwale zogwirira m'mbali, poti inali yonyamula. Ku Olynthus, mzinda wa Agiriki womwe Philip II, mfumu ya ku Makedoniya, anauwononga mu 348 BC, nyumba zambiri zinalibe malo a moto okhazikika.

Woumba wa ku Dedza: Zikomo mayi, ndiyambiranso Lolemba. Nanga poyesa ndikhazikepo poto wa aluminiyamu?

Wophunzira zofukula zakale: Ayi bambo, aziterereka. Mphika wawo, chytra, unali wobulungira pansi. Bwerekani mphika wadothi wophikira nyemba, muyezere pamenepo kutalika kwa ndevuzo.