Kiyibodi imodzi ya tabuleti ndi kompyuta: ya Bluetooth kapena ya kadongle?

Mphunzitsi wa ku Senga Bay

Muli bwanji nonse? Mu ofesi ya pasukulu pathu muli kompyuta ya patebulo ya Windows 10, ndipo ine ndili ndi tabuleti ya Samsung yomwe ndimalembera mafunso a mayeso. Ndikufuna kiyibodi imodzi yopanda waya yoti izigwira konse kuwiri. Ndigule ya Bluetooth kapena ya kadongle kolowetsa pa USB? Chachiwiri, mausi yopanda waya yomwe tili nayo imadumphadumpha: kamuvi kamaima kaye kenako n'kuthamanga, makamaka tikalowetsa hard drive. Mabatire tasintha koma sizinathe. Nanga trackpad (kamalo koyendetsapo zala posuntha kamuvi) pa tabuleti ndi yabwino kuposa mausi?

Mmisiri wa pa Kamuzu Road

Aphunzitsi, tengani ya Bluetooth yokhala ndi mabatani osinthira makina. Ya kadongle imamvera kadongle kake kokha, choncho mukafuna kuchoka pa kompyuta kupita pa tabuleti muyenera kukazula, n'kukalowetsa kudzera pa adaputa ya OTG, yomwe imalola kadongle kulowa pa poti ya tabuleti. Zimagwira ndithu, koma tabuleti ili ndi poti imodzi yokha, yomweyo ya chaja. Batire ikachepa mudzasankha pakati pa kulemba ndi kutchaja, ndipo adaputa yolendewera imawononga poti pakapita nthawi.

Chitsanzo chodziwika ndi Logitech K380. Imasunga makina atatu pa mabatani F1, F2 ndi F3, ndipo imadya mabatire awiri a AAA. Kulumikiza kwake: dinikizani F1 kwa masekondi atatu mpaka kagetsi kayambe kuphethira mofulumira, tsegulani Bluetooth pa tabuleti, sankhani dzina la kiyibodiyo. Pa sikirini pakabwera manambala, alembeni pa kiyibodi yatsopanoyo n'kudina Enter. Ambiri amalakwa pomwepa polemba manambalawo pa sikirini ya tabuleti. Kompyuta muiike pa F2.

Koma yang'anani kaye ngati kompyutayo ili ndi Bluetooth, chifukwa zambiri za patebulo, makamaka za kaunjika, zilibe. Tsegulani Device Manager mu Windows. Ngati mulibe mawu oti Bluetooth, gulani kadongle ka Bluetooth 4.0 kapena kupitirira. Kiyibodi yakale ya waya musaitaye: ya Bluetooth nthawi zambiri sigwira mu BIOS, Windows isanadzuke, ndiye tsiku lokonza kompyuta mudzaifuna.

Achemwali a IT ku Nkhotakota

Za mausi ija, mwatchula nokha gwero lake: hard drive. Mapoti a USB 3.0, aja a buluu mkati, akamatumiza mafayilo amatulutsa phokoso la wayilesi pa 2.4 GHz, pomwe kadongle ka mausi kamagwiranso ntchito. Kadongle kakakhala moyandikana ndi chingwe cha hard drive, uthenga wa mausi umasokonekera. Kachotseni pamenepo, mukaike pa poti yakuda ya USB 2.0, makamaka ya kutsogolo. Kumbuyo kwa bokosi lachitsulo pansi pa tebulo ndi malo oipitsitsa. Chabwino koposa ndi kachingwe kotalikitsira USB ka mita imodzi, kuti kadongle kakhale patebulo pafupi ndi mausi. MiFi kapena rauta nayonso isakhale pambali pa kadongle, poti Wi-Fi yake nthawi zambiri imayenda pa 2.4 GHz pomwepo.

Ikapitirirabe, onani tebulo. Mausi ya kagetsi kofiira imajambula pansi pomwe ikuyenda, ndiye pagalasi kapena pa vanishi wonyezimira sipeza chogwira. Yalani mouse pad, olo pepala losanyezimira. Pukutaninso kadiso kapansi, fumbi la mu Okutobala limadzaza pamenepo.

Pa mabatire ndikhalepo pang'ono, chifukwa kuno kunyanja ndi omwe amapha makiyibodi ambiri. Mabatire otchipa a m'magolosale, olembedwa Heavy Duty, ndi a zinc-carbon. Amatha msanga ndipo akatheratu amachucha. Kutentha kwa ku Salima ndi chinyezi cha nthawi ya dzinja zimafulumizitsa dzimbiri pa tizitsulo togwira batire. Gulani olembedwa Alkaline, ndipo musasakanize watsopano ndi wakale, chifukwa wakaleyo amafinyidwa mpaka kuchucha. Sukulu ikamatsekera holide, chotsani mabatire onse. Alkaline akachucha amasiya ufa woyera: pakani viniga pang'ono kapena madzi a ndimu ndi kathonje, pukutani, dikirani kuti paume bwino musanaike ena. Otchaja a NiMH ndi abwinonso, kungoti amapereka 1.2V m'malo mwa 1.5V, ndiye kagetsi kochenjeza kakhoza kuyaka batire isanathe.

Mphunzitsi wa ku Senga Bay

Zikomo achemwali, kadongle kanalidi kumbuyo pafupi ndi poti yabuluu. Kakatayika, tingagule kena?

Mmisiri wa pa Kamuzu Road

Kwa mausi zambiri zotchipa ayi, aphunzitsi. Kadongle ndi mausi zimamangidwa pamodzi kufakitale, kakatayika mausi yatha ntchito. Za Logitech zokhala ndi chizindikiro cha lalanje cha Unifying n'zosiyana: kadongle kena ka Unifying kamalumikizidwa ndi pulogalamu yake, ndipo kamodzi kamanyamula zipangizo zisanu ndi chimodzi. Ka Logi Bolt ndi mtundu wina, sikamvana ndi zipangizo za Unifying. Mausi zambiri zili ndi kamalo kosungiramo kadongle mkati mwa chitseko cha batire.

Bambo wa ku Dwangwa

Trackpad sindikukulimbikitsani pa tabuleti ya Android. Pa iPad imagwira bwino kuyambira pa iPadOS 13.4 ya mu 2020, ndipo Magic Trackpad 2 ya Apple imamva zala ziwiri kapena zitatu mosavuta. Koma makiyibodi otchipa okhala ndi trackpad pambali amauza tabuleti kuti ndi mausi wamba, kamalo kake n'kakang'ono, ndipo chikhatho chikakhudza mukulemba, kamuvi kamalumphira mzere wina. Pa ntchito yokonza mafunso, yofuna kusankha mawu ndi kukoka matebulo, mausi ya Bluetooth ndi yolondola kwambiri.

Mukalumikiza kiyibodi, yesani batani la @. Likatulutsa chizindikiro cha ", ndiye kuti makina akuiwerenga ngati ya US pomwe ndi ya UK, kapena mosemphanitsa. Sinawonongeke. Pa Samsung lowani mu Settings, General management, Physical keyboard, musinthe pamenepo.

Poti mumalemba mayeso, mudzafuna ŵ wa mu Malaŵi. Mu Word ya pakompyuta lembani U+0175 n'kudina Alt ndi X pamodzi, ndipo wamkulu ndi U+0174. Musasiye U+ uja, chifukwa chilembo a cha mu "Mala" Word imachiwerenga ngati mbali ya nambalayo, ŵ n'kulephera kutuluka.